Funso la amalume lokhudza mtima wawo

Amalume anabwera masana ndi pepala la sikani, atauzidwa kuti khoma la mtima wawo lakhuthala. "Mphwanga, mkono wa mlimi ukakula timati wakhwima, nanga mtima ukakula pali vuto lanji?" Funsoli landisowetsa mtendere, chifukwa mbali ina akunena zoona.

Maselo a minofu ya mtima amasiya pafupifupi kugawikana mwana atangobadwa, choncho ntchito ikachuluka selo lililonse limangonenepa. Nkhani yagona pa chimene chalamula kunenepako. Kwa munthu wothamanga, homoni yokulitsa thupi yotchedwa IGF-1 imadzutsa mapuloteni a m'selo otchedwa PI3K ndi Akt, maselo amakula limodzi ndi timitsempha towadyetsa, ndipo akaleka masewerawo mtima umabwerera mwakale. Kwa amalume, amene BP yawo yakhala yokwera kwa zaka zambiri, olamula ndi mahomoni othinitsa mitsempha ya magazi otchedwa angiotensin II, endothelin-1 ndi noradrenaline, amene amasintha kayendedwe ka calcium m'selo, kudzutsa puloteni yotchedwa calcineurin, ndi kuyambitsanso majini amene ankagwira ntchito munthu ali m'mimba mwa mayi ake. Mu 1998 gulu la wasayansi wa ku America Eric Olson linasonyeza kuti mbewa zimene calcineurin yawo inkagwira ntchito mosalekeza zinakula mitima mpaka inalephera kupopa. Pamenepo puloteni ina yotchedwa TGF-beta imachititsanso kuti ulusi wouma uyalidwe pakati pa maselo, moti khomalo limauma ndipo silimasuka mokwanira kuti magazi alowe.

Zonsezi ndinazinena m'mawu ochepa, iwo akungogwedeza mutu. Kenako anaulula kuti mankhwala awo a BP otchedwa enalapril anawasiya kalekale chifukwa ankawapatsa chifuwa chouma usiku, ndipo sanauze aliyense. Apa ndiye mtima wanga unawawa, osati chifukwa cha iwo okha ayi, komanso chifukwa palibe amene anawachenjeza powapatsa mankhwalawo. Enalapril amatsekereza puloteni yotchedwa ACE, imene imapezeka yambiri m'mapapo ndipo ndiyo imapanga angiotensin II, choncho kuwonjezera pa kutsitsa BP amathandiza kuti khoma lokhuthala liphweko. Koma ACE yomweyo ndi imene imaphwanya puloteni ina yaing'ono yotchedwa bradykinin, ndipo bradykinin ikachuluka imayabwa kukhosi. Mankhwala ena a BP otchedwa losartan amatseka malo amene angiotensin II imagwira pa selo popanda kukhudza ACE, n'chifukwa chake sabweretsa chifuwa kawirikawiri.

Usiku uno ndaimba foni kuti akafunse dokotala wawo za losartan. Ayankha ndi azakhali, amene ati amalume agona kale ndipo nkhaniyo tidzakambirane Lamlungu.