Mmene ndinalumikizira manambala a mitu m'mafayilo asanu

Ndinkalemba buku la malangizo lokhala ndi machaputala asanu, chaputala chilichonse m'fayilo yakeyake ya pulogalamu yolembera ya LibreOffice Writer. Vuto linabuka nditawonjezera kamutu katsopano m'chaputala chachitatu, chifukwa gawo lomwe linali 3.2 linasanduka 3.3, pamene mawu akuti "onani gawo 3.2", omwe ndinawatayipa ndekha m'machaputala ena, anatsala momwemo n'kumasocheretsa owerenga. Zinandipweteka mtima, popeza munthu amene akutsatira malangizo amadalira nambala imene wauzidwa.

Choyamba ndinaonetsetsa kuti mafayilo onse achokera ku template imodzi (fayilo yachitsanzo yosunga masitayilo, yomwe inakonzedwa kale kuti mitu izikhala ndi manambala), ndiponso kuti mutu uliwonse wapatsidwa sitayilo ya Heading 1 kapena Heading 2, kuti pulogalamuyo iziika yokha manambala. Kenako ndinapita pa File, New, Master Document, n'kupanga fayilo yaikulu yosonkhanitsa mafayilo ena, yothera ndi .odm, ndipo kudzera pa Navigator, kawindo koonetsa zimene zili m'fayilo, ndinalowetsamo machaputala onse motsatana. Apa ndinaona chinthu chimene poyamba chinandidabwitsa: chaputala chachitatu ndikachitsegula pachokha mutu wake unkaoneka ndi nambala 1, koma m'fayilo yaikulu unkaoneka ndi 3, chifukwa ndi mmenemo mokha momwe pulogalamuyo imawerengera mitu yonse pamodzi.

Ntchito yofuna kudekha inali yoika zizindikiro, kutanthauza kupatsa dzina mutu uliwonse umene machaputala ena azilozerako. M'chaputala chachitatu ndinasankha mawu a mutu umene ndinkafuna kulozerako, n'kudina Ctrl+F2, ndipo pa Cross-references ndinasankha Set Reference n'kulemba dzina lakuti ch3_kusunga. Mayinawa ndinkawalemba papepala limene linali pambali pa kiyibodi, dzina, fayilo ndi mutu wake, pakuti mukakhala m'fayilo ina pulogalamuyo siikuonetsani mayina a m'mafayilo enawo. Dzina lililonse liyenera kukhala limodzi lokha m'buku lonse, n'chifukwa chake ndinkayamba ndi nambala ya chaputala. Mwa zonse zimene ndinachita, pepala limeneli ndi limene linandipulumutsa koposa.

M'chaputala choyamba, pamalo pomwe panali nambala yotayipa ija, ndinapitanso pa Cross-references n'kusankha Insert Reference, n'kulemba dzinalo ndendende monga linalili papepala, kenako ndinasankha Number kuti pazioneka nambala ya mutu, osati mawu ake. Nthawi yomweyo panatuluka uthenga wakuti "Error: Reference source not found", ndipo ndinaganiza kuti ndalakwitsa, mpaka ndinafufuta n'kuyambiranso kawiri. Kunena zoona panalibe cholakwika chilichonse, popeza fayilo ya chaputala choyamba payokha siingaone chizindikiro chimene chili m'fayilo ina. Nditasunga n'kutsegula fayilo yaikulu, ndinadina Update, All pa Navigator, ndipo pamalo pa uthenga uja panaoneka 3.3.

Pa malo onse amene ndinalumikiza, amodzi okha anakanabe. Nditayerekeza ndi pepala langa ndinapeza kuti ndinalemba chilembo chachikulu pomwe panayenera chaching'ono, ndipo nditakonza zinayenda.

Pofuna kutsimikiza, ndinasuntha chaputala chachitatu pa Navigator n'kuchiika patsogolo pa chachiwiri, ndipo nditadinanso Update, paliponse pomwe panali 3.3 panasanduka 2.3. Ndinachibwezera pamalo pake, ndipo PDF yopita kwa owerenga ndinaitulutsa kuchokera m'fayilo yaikuluyo, osati m'machaputala paokha.