Fungo la petulo pampando wa kumbuyo

Pafupifupi aliyense amene wakwerapo Corolla yanga miyezi yapitayi amandiuza zofanana: "Galimoto zakale zimanunkha choncho aphunzitsi, musadandaule." Ine mawu amenewa ndimawakana kwamtuwagalu. Galimoto ikhoza kukalamba, penti kusuwa, zitseko kumalira potsegula, koma petulo malo ake ndi m'thanki, m'mapaipi ndi mu injini basi. Akafika m'mphuno mwanu muli pachiwongolero, ndiye kuti penapake wapeza potulukira.

Yangayi ndi AE100 ya 1994, injini 5A-FE, imene bambo anga aang'ono anaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, n'kudzandisiyira ine. Imandiperekeza kusukulu muno mu Zomba, ndipo mwezi ukatha timatsika nayo ku Limbe. Mafuta masiku ano mukudziwa mmene timawapezera, nthawi zina kuchezera pamzere, choncho dontho lililonse lotayika limandiwawa. Koma chimene chinandisowetsa tulo si ndalama ayi. Mwana wanga wamng'ono anayamba kudandaula mutu tikangoyenda pang'ono, ndipo iye ndi mkulu wake amakhala kumbuyo, pomwe pansi pake pali thanki.

Ndisanagwire sipana ndinayamba ndalemba m'kope nthawi imene fungo likubwera, chifukwa nthawiyo imaloza malo. Likamamveka pokhapokha mwamwetsa fulu thanki, kapena mukamakhota pakona thanki ili yodzadza, kayikirani paipi ya labala yolumikiza pomwetsera ndi thanki, kapena chivindikiro chimene labala wake watha. Likamakulonjerani m'mawa galimoto itagona usiku wonse, mwina thanki yabooka pansi. Langali linali la mtundu wina. M'mawa munkakhala bwinobwino, kaya thanki ili theka kaya yodzadza, koma injini ikangolira kwa kanthawi fungo linkayamba, n'kumakula tikaima pamsika mawindo ali otseka. Izi zinandiuza kuti mafuta akutuluka pokhapokha pampu ya m'thanki, yokankha mafuta kupita ku injini, ikamagwira ntchito.

Ndinayala katoni kunsi kwa galimoto usiku, m'mawa n'kuipeza youma gwa. Musanamizidwe ndi katoni youma. Oyilo amasiya banga lakuda, koma petulo akamatuluka pang'onopang'ono amauluka asanafike pansi, makamaka kunja kukatentha ngati mu Okutobala.

Kenaka ndinapita kwa madala ena amene amakonza galimoto pansi pa mtengo wa mango cha ku Chinamwali. Akhala akuigwira galimotoyi kuyambira nthawi ya bambo aang'ono. Tisanayambe n'komwe anauza mayi wina amene amaotcha chimanga chapafupi kuti asunthe mbaula yake, ndipo mnyamata wawo anamutuma kukadzadza ndowa ndi mchenga.

"Bwanji osati madzi, madala?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, moto wa petulo mukauthira madzi mumangouperekeza. Petulo amayandama pamwamba, moto n'kumayenda naye."

Anakananso kuimika galimoto padzenje lokonzerapo. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu, ndiye umatsikira m'dzenjemo n'kukhala momwemo kudikira woyatsa fodya.

Tinayambira kuboneti, poti kumeneko ndi kumene ngozi ili pafupi kwambiri: kuli ekizozi yotentha, kuli nthambo za mapulagi. Injini za EFI ngati iyi, zimene zimafayira petulo ndi ma injector, zimakankha mafuta ndi mphamvu pafupifupi 3 bar, kusiyana kutalitali ndi za kabuleta zimene ambiri tinakulira, choncho kabowo kosaoneka ndi maso kamatha kufayira petulo patali. Madala anapukuta fuel filter, sefa ya mafuta, ndi kansanza, makamaka pabawuti ya pamwamba imene imamangidwa ndi mawashala awiri. Mawashala amenewa ukamasula sayenera kubwererapo akalewo, koma ambiri amawabwezera, n'chifukwa chake malowa ndi oyamba kuwakayikira. Anayendetsanso chala patsinde pa injector iliyonse, pomwe pamakhala timphete ta labala, n'kumanunkhiza chalacho. Ponseponse panali pouma.

Apa anachita chinthu chimene ndikufuna aliyense wa Toyota za zaka zimenezi achidziwe. Pagalimoto izi, kungotembenuza kiyi kufika pa ON sikuyendetsa pampu. Imayamba pokhapokha mukuliza injini kapena injini ikulira kale. Koma muboneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kuseri kwa chivindikiro chake analemba mayina a timabowo ta m'katimo. Mukalumikiza FP ndi +B ndi kawaya kakafupi, kiyi ali pa ON, pampu imayamba kuyenda injini ili chete. Mumamva kulira kwake kumbuyo, mafuta akuzungulira mapaipi onse, popanda fani yokupiza fungo kapena ekizozi yotentha. Ingoonetsetsani kuti mwawerenga bwino zilembozo musanalowetse waya.

Pampu ikuyenda choncho, tinakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pazochirikiza zachitsulo, ndipo madala analowa kunsi ndi tochi kutsatira mapaipi achitsulo kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo. Ankaima pamalo aliponse pomwe paipi yagwiridwa ndi kapulasitiki, poti dzimbiri limakonda kubisala pamenepo. Atafika pathanki anandiitana.

"Gwadani muone apa."

M'mbali mwa thanki, imene yonse inali yofiira ndi fumbi, munali kamzere kamodzi koyera mbee, kotsika kuchokera pamwamba, kakuthwanima pang'ono ndi chinyezi. Mnyamata wawo uja anafulumira kunena kuti thanki yabooka, tipake sopo kaye, mawa tiitsitse tipite nayo kwa owotcherera. Madala anangopukusa mutu. Sopo amagwiradi kabowo ka pansi mpaka ukafike kunyumba, koma si kukonza kumeneko, ndipo thanki ya petulo, ngakhale yopanda kanthu, imakhalabe ndi mpweya wophulika ikakumana ndi moto wa wowotcherera. Kuonjezera apo, thankiyo inalibe mlandu. "Madzi sakwera phiri," anatero. "Pomwe mwaona chinyezi, yang'anani kumtunda kwake."

Kumtunda kwake kunali pamwamba pa thanki, pomwe sungaone uli kunsi. Mwayi wake AE100 ili ndi kachitseko pansi pa mpando wa kumbuyo. Tinachotsa kawaya kaja, n'kuzimitsa kiyi, kenaka tinazula mpandowo ndi kumasula kachitsekoko. Fungo limene linatuluka pamenepo linandibweza m'mbuyo. Pamutu pa pampu panali matope a fumbi losakanikirana ndi petulo. Tinapukuta mpaka chitsulo kuoneka, madala n'kupempha ufa woyera pang'ono kunyumba yoyandikana nayo, n'kuwaza pamapaipi onse. Atabwezeretsa kawaya kaja, sipanapite nthawi ufa unayamba kuda pamalo amodzi okha: pakapaipi kakafupi ka labala kobweza mafuta otsala kuchokera ku injini, m'mphepete mwenimweni mwa clamp, kachitsulo komangira paipi. Atakapinda ndi zala, kanaonetsa ming'alu ngati chidendene cha munthu woyenda chosavala nsapato m'chilimwe.

Labalayo anali woyambirira wa ku fakitale, wazaka zoposa 30. Komanso petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982. Ine ndimaiyamikira ntchito imeneyi chifukwa imapulumutsa ndalama zakunja, kungoti labala wakale amene sanapangidwire ethanol amauma msanga ndi kusweka. Mwini galimoto yakale ayenera kuzidziwa zimenezi.

Pogula paipi yatsopano ndi pomwe ndikupemphani kuti muumirire. M'mashopu ena amakudulirani paipi iliyonse yakuda imene yakwana kukula kwake, pena ya madzi, pena ya mpweya. Imeneyo petulo amaifewetsa, imafufuma, miyezi ingapo mwabwerera pomwe munali. Werengani zolembedwa papaipipo. Ya mafuta imalembedwa SAE 30R7, ndipo ya 30R9 ndi imene inapangidwira mphamvu ya EFI komanso imapirira ethanol bwino. Ine ndinakaipeza ku Limbe ya 30R9, ndinagulanso ma clamp atsopano. Zomanga ndi malegeni kapena waya pa paipi ya mafuta, chonde ayi, ngakhale mutakhala pakati pa ulendo ndi ana akulira njala.

Pomanga, madala anayamba achotsa pulagi ya pampu, n'kuliza injini mpaka inazima yokha kuti mphamvu ya m'mapaipi ithe, kenaka anachotsa nthambo ya negative pabatire. Ntchito yeniyeniyo inali yachidule: kuvula kakale, kuyeza, kudula, kuvala, kumanga. Tinawazanso ufa, pampu n'kuyenda kanthawi ndithu, ufa unangokhala woyera. Mpando tinausiya padzuwa tsiku lonse chifukwa siponji yake inali itamwa fungo.

Tili pomwepo madala anafinya paipi yaikulu ya pomwetsera mafuta n'kundionetsa kuti nayonso yauma, ngakhale sinayambe kudontha. Ndi msinkhu umodzi ndi kanzake kaja. Ndaiitanitsa kale, ndipo malipiro a mwezi uno akangolowa tikaisintha pamodzi ndi timphete ta ma injector.