Kalavani yathu ndi malamulo a mumpanda muno

Kalavani imayenda masiku owerengeka pachaka, masiku ena onsewo imafuna poima, ndipo zimenezi wogulitsa sakuuza. Yathuyi bambo a kunyumba anaigula ku Mfuwe, pamalo ena ogona alendo. Ndi yakale, ya matayala awiri, utoto wake unathimbirira. Mu Febuluwale timaikokera ku Mtenguleni ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala, mu Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Achewa wa Kulamba. Ndimaphikiramo nsima, nkhuku yachikuda ndi chiwawa chotendera, usiku n'kugonamo ndi atsikana ondithandiza, mapoto ali kunsi kwa bedi.

Ikabwerera ku Chipata ndiye nkhani. Timakhala m'nyumba za lendi za mpanda umodzi, geti imodzi, thanki yamadzi imodzi. Pepala lomwe tinasaina polowa limanena za agalu, nkhuku, wailesi usiku ndi kuyanika zovala kutsogolo. Za kalavani mulibe. Komabe a tcheyamani a komiti ya mumpanda muno anafika, n'kuizungulira manja ali kumbuyo.

"Amayi, ichi tichiwerenge galimoto kapena nyumba?"

Ndinawaonetsa nambala yake kumbuyo ndi mapepala a ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto kuno ku Zambia, poti ngolo yokokedwa ndi galimoto imalembetsedwa payokha. Ikadali pamatayala ndi chinthu cha pamsewu. Koma mukaigulula matayala, n'kuikhazika panjerwa, n'kukokeramo madzi ndi magetsi, pamenepo mwayamba kumanga, ndipo kumanga m'tauni kumafuna chilolezo cha khonsolo, monga mwa lamulo la mapulani a mizinda la 2015.

Mantha a komiti ndinawamvetsa. Kuno chilichonse chokhala ndi chitseko ndi denga chimapeza wolowamo. Lero mphwanu wochokera ku Vubwi wadzafuna ntchito, mawa mwana wa kukoleji akulipira kangachepe, kenako thanki ikuuma masana ndipo dzenje la zimbudzi ladzaza chaka chisanathe. Choncho ataika lamulo loti musagone munthu, sindinatsutse. Loti botolo la gasi lizichotsedwamo ndinalivomeranso, pokumbukira kutentha kwa mu Okutobala.

Lomwe limandiwawa ndi loti iziima kuseri kwa nyumba, ati ikuipitsa maonekedwe. Maonekedwe ati? Nyumba yachitatu kuchokera pageti pali minibasi yakufa, yakhala pamiyala chilowereni ife, udzu unamera mpaka m'mawindo. Imeneyo akuti ndi galimoto, ilibe mlandu.

Kampata kopita kuseriko n'kopapatiza, galimoto singabwerere nayo chambuyo. Timachita kuitana anyamata a njinga zakabaza kudzakankha, wina atagwira kumphuno, ine ndikukuwa kuti asagunde paipi ya madzi. Kuseriko nakonso ili ndi zofuna zake. Dzinja imadontha m'misoko ya denga, ndiye timaifunditsa tenti. Makoswe amakonda siponji ya mipando. Matayala akaima malo amodzi nthawi yaitali amang'aluka, choncho mwezi uliwonse timaisuntha pang'ono.

Mwezi watha apongozi anabwera kuchokera ku Chadiza. Ataona bedi m'kalavanimo anati, "Ine ndigona muno, ana musawasamutse." Ndinagwada n'kuwafotokozera za komiti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati a tcheyamaniwo ndi mfumu ya mudzi uti. Anagona kuchipinda cha ana, anawo pabalaza.