Mpando umene unameza akulu a mpingo

Dokotala atayang'ana X-ray anandiuza mosapita m'mbali kuti fupa laling'ono la kunja kwa kakolo lathyoka n'kusuntha, ndiye chikhakha chokha sichithandiza. Pafunika kachitsulo ndi masikuluwu. Koma phazi linali litatupa ngati mkate, ndipo khungu lotupa chotero salicheka chifukwa bala lake limavuta kupola. Anandimanga chikhakha cha theka, chija cholimba kumbuyo kokha, n'kundipatsa masiku 8 oti ndikadikire kunyumba mwendo uli m'mwamba. Mayi wa mafizo, uja wophunzitsa ovulala kuyenda ndi kulimbitsa thupi, anawonjezera kuti masiku amenewo ndi okonzera nyumba, popeza ndikachoka ku opaleshoni ndikhala masabata 6 osaponda ndi phazi limenelo. Ndinafunsa ngati kuponda ndi chala chokha kumawerengedwa. Anandiyang'ana ngati mphunzitsi amene wamva funso lomwelo kwa zaka makumi awiri.

Mwendo wake ndinauthyolera mu ngalande ya kwathu ku Mtendere, mu Lusaka, potsika minibasi mvula ikugwa. Nkhani imeneyo ilibe kanthu. Zoseketsa zinayamba nditafika pakhomo.

Ndodo zoyendera ndinabwereka kwa alamu anga a ku Chilenje. Ndi zija za m'khwapa, za aluminiyamu, ndipo alamuwo ndi munthu wamtali woti amawerama polowa pakhomo. Ine sindinasinthe kalikonse, ndinangozikoleka m'khwapa n'kumalendewera ngati malaya pachingwe. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri kuseri kwa dzanja lamanja kunali dzanzi, ndipo kapu ya tiyi inkandipulumuka. Nditaimbira mayi wa mafizo anati ndikufinya mtsempha umene umadutsa m'khwapa n'kupita kudzanja, ndipo ndikapitiriza dzanja lidzalendewera osatha kudzuka. Mwendo umodzi unali utapita kale, ine n'kumagulitsanso dzanja.

Kayezedwe kake n'kosavuta ukakudziwa. Umaimirira utavala nsapato imene uziyendera, nsonga za ndodo uziike masentimita 15 kutsogolo ndi kumbali kwa phazi. Pakati pa nkhwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Ukagwetsa mkono, chogwirira chizifika pamzere uja wa pamfundo ya dzanja pamene timamanga wotchi, kuti ukagwira chigongono chipindike pang'ono. Thupi lonse limanyamulidwa ndi manja. Mutu wa ndodo umangotsamira m'nthiti basi. Titamasula manati tinatsitsa ndodo iliyonse mabowo anayi, ndipo apo m'pamene tinaona kuti ina inalibe bawuti ya pachogwirira. Alamu analowetsapo msomali n'kuupinda. Tinagula bawuti ndi nati yake ya mapiko.

Kenako timalabala ta pansi. Tonse tiwiri tinali titatha, moti chitsulo chinkasuzumira. Musapite kusitolo ya mankhwala ndi mawu okha, chifukwa mapaipi a ndodo amasiyana kukula, ena mamilimita 19, ena 22. Mphwanga anapita kutauni kawiri asanamve zoti atenge kakaleko m'thumba. Mnansi wina anati tingodula tayala lakale timangirire ndi waya. Ameneyo akadzathyoka mwendo ndidzamudulira ndine.

Pakhonde pathu pali masitepe awiri. Pokwera umatsogoza mwendo wabwino, ndodo zimatsatira. Potsika ndodo ndi mwendo wodwala zimatsogola, wabwino pambuyo. Ndinkaziloweza mokweza ngati ndime ya Sande sukulu, ana a pakhomo n'kumandiyankha.

Za wilitcheya tinazitaya msanga, chifukwa imene inapezeka inali yotambalala masentimita 66 ndipo bwalo lathu ndi miyala yokhayokha. Kanjinga kaja kogwadapo ndi bondo, kamene mwana wanga anakaona pa Facebook, kamafuna pansi posalala ngati m'sitolo za ku Manda Hill. Ku Mtendere kangandigwetse ndisanafike pageti.

Vuto lenileni linali chimbudzi. Chathu ndi chakunja, chonjuta. Amene akukayika ayese kunjuta ndi mwendo umodzi wina atauloza kutsogolo, kenako adzuke osagwira khoma. Panafunika mpando wa dzenje, uja amaika ndowa pansi, woti masana uzikhala pamwamba pa dzenje la chimbudzi, usiku pafupi ndi bedi. Ndinaimbira wowotcherera zitsulo wina wa ku Kalingalinga, mwa aja amene amayala mageti ndi mabedi m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ife akum'mawa timaserewulana pachimbuya, ndiye moni wake unali wakuti, "Mbuya wanga, mwathyoka mukuthamangitsa mbewa?" Ndinamuyankha kuti ine mwina ndinagwa pansi, koma iye ndiwo zake, apusi aja, amazitsata mumtengo.

Tinagwirizana bwinobwino. Paipi ya makona anayi ya mamilimita 25, mikono iwiri yolimba yokankhirapo podzuka, njanji ziwiri pansi zolowetsera ndowa, thabwa lokhalira lobooledwa pakati, labala kumiyendo yonse inayi. Kutalika kwake umayeza kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo utakhala, n'kuwonjezera masentimita atatu kapena asanu kuti kudzuka ndi mwendo umodzi kusavute. Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene ndinalibe ndi tepi yoyezera, ndipo kutuma mwana kukabwereka ndinaona ngati kuchedwa. Ndinayeza ndi chikhatho. M'lifupi zikhatho zitatu, kutalika ziwiri ndi theka, dzenje chimodzi ndi theka.

Chikhatho changa ndi masentimita 19. Cha mbuya wanga, monga ndinadziwira mochedwa, ndi 24.

Magetsi kwawo ankabwera pakati pa usiku, ndiye ntchito anaigwira ndi tulo m'maso ndipo mpando unafika tsiku lachisanu ndi chimodzi, utakwera wilibala. M'malo mwa masentimita 57 m'lifupi unali 72, pamene chitseko cha chimbudzi ndi 65. M'malo mwa 47 kutalika unali 60, moti nditakhalapo phazi labwino linkagwedera m'malere ngati la mwana pabenchi ya kutchalitchi. Dzenje limene linayenera kukhala 28 linali 36. Kuchipinda sunalowenso, chifukwa wadilopu imaletsa chitseko kutseguka chonse. Unangokwana pakhomo lalikulu, n'kukhazikika pabalaza pakati pa sofa ndi TV. Wowotcherera anati adzautenga Lolemba. Mayi a kunyumba anati, "Abambo, chinthu ichi sichingakhale poyera chonchi." Anayalapo katoni yopyapyala, pamwamba chitenje, pamwambanso kansalu koluka. Ndowa ndinaisiya m'malo mwake ili ndi madzi pang'ono osakaniza ndi mankhwala ophera majeremusi, chifukwa ukathiramo madzi ofika masentimita atatu usanagwiritse ntchito kutsuka kwake sikuvuta, ndipo ndinkafuna kuyeserera usiku.

Zina zonse ndinazikonza ngati munthu wanzeru, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Mphasa ndi tizisanza topondera tonse tinachotsa. Chingwe cha magetsi chodutsa pakati pa balaza tinachikhomera kukhoma. Nyale ya sola inakhala pamutu pa bedi, tochi ya pachipumi pambali pake, popeza munthu wa ndodo ziwiri alibe dzanja lonyamulira kandulo magetsi akazima. Pachifukwa chomwecho ndinalanda kachikwama ka kumbuyo ka mwana wa sukulu, tiyi n'kumayenda mu fulasiki. Posamba, mpando wa pulasitiki wa miyendo yolimba, mwendo pandowa yovundikira, chikhakha m'thumba lalikulu la pulasitiki, kathawulo kokulunga kukamwa kwake, tepi yomatira pamwamba. Chikhakha chikanyowa chimafewa ndipo khungu limavunda mkati. Chikayabwa osalowetsamo waya kapena singano yolukira. Pabedi mapilo atatu m'litali kuchokera kukatumba, chidendene chikulendewera pang'ono, phazi pamwamba kuposa mtima. Mathalauza onse anapuma, ndinatsala ndi makabudula. Fodya ndinasiya tsiku lomwe ndinathyoka, dokotala atanena kuti amachedwetsa fupa kulumikizana.

Lamulo lalikulu pa onse linali lakuti polishi asakhudze pansi. Simenti yathu ndi ija yofiira imene amayi a mu Lusaka amaipukuta mpaka kudzionerapo nkhope. Tinaikwecha ndi madzi otentha ndi sopo wa ufa mpaka inachita mbuu.

Loweruka madzulo azakhali anafika kuchokera ku Katete ndi nkhuku komanso thumba la nsinjiro. Atamva kuti mawa lake a kumpingo abwera kudzandipempherera, anayang'ana pansi, anayang'ana mayi a kunyumba, osanena kanthu. Ndikadadziwa tanthauzo la kukhala chete kumeneko. Anadzuka tambala woyamba, anapeza chitini cha polishi pamene tinachibisa kuseri kwa thumba la makala, n'kugwada. Ife tikudzuka n'kuti balaza likung'anima ngati galasi. Ine sindinaone, chifukwa ndinali kuchipinda mwendo uli pamapilo monga mwa lamulo.

Alendo anafika itangokwana 13 koloko, amayi asanu ndi akulu a mpingo awiri. Ndinamva moni, ndinatenga ndodo zanga zoyezedwa bwino, za labala watsopano, ndi mtima woti ndikawaonetse ukatswiri. Nditasuzumira pakhomo la kuchipinda ndinaona azakhali akulozera mkulu wamkuluyo mpando wautali kuposa yonse, wa mikono, wovekedwa chitenje chatsopano. Mpando wa ulemu. Mkuluyo ndi bambo wowonda, wa suti yotuwa, wakhalidwe lofatsa. Anakoka thalauza pamaondo monga amachitira anthu a suti, n'kuyamba kutsika.

"Abambo, musakhale pamene..."

Ndinaponya ndodo zonse ziwiri kutsogolo, sitepe yaitali kuposa imene mayi wa mafizo amalola. Yamanja inalowera kwa TV, yamanzere kukhitchini. Pamene ine ndimafika pansi ndi matako kuti phi, katoni nayo inati pholo, ndipo akulu a mpingo anapindika pakati ngati mpeni wa m'thumba. Maondo anafika pachibwano, nsapato zinaloza kudenga, pansi pawo ndowa inati chubwi. Fungo la mankhwala linadzaza nyumba ngati tili m'wodi.

Kunali zii. Kenako mayi wina, posowa chochita, anayambitsa nyimbo.

Chimodzi chokha ndinachita bwino. Mayi wa mafizo anati ukaona kuti ukugwa usalimbane nazo, taya ndodo kumbali, gwera mbali yabwino, phazi lodwala lisafike pansi. Langa linali m'mwamba ngati mbendera. Anandiphunzitsanso kadzukidwe kake. Umatembenuka n'kugwada, phazi lodwala litakwezedwa kumbuyo, umakwawa kufika pampando wolimba, manja onse pampandopo, phazi labwino lipondetse pansi, ukankhe n'kutembenuka kukhala. Sofa yathu ndi yofewa, tebulo ndi lagalasi. Mpando wolimba m'balaza monse unali umodzi, ndipo munali munthu.

Ndinakwawa n'kugwira mkono wa mpandowo. Ine ndi akulu a mpingo tinayang'anana maso ndi maso, mphuno zitatsala pang'ono kugundana, iwo akusuzumira pakati pa maondo awo. Anandifunsa ndi mawu awo ofatsa aja, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ndinati ndadzuka bwino, kaya iwo. Anati nawonso adzuka bwino.

Kuwatulutsa kunafuna anthu atatu. Mkulu mnzawo anawagwira m'khwapa, mphwanga anagwira mpando kuti usatsatire, koma onse ankatsetsereka ndi masokosi pa polishi, mpaka mayi a kunyumba anabweretsa mphasa zomwe ndinathamangitsa zija kuti apondepo. Pemphero linachitika ndithu. Akulu a mpingo analitsogolera ataimirira, atavala chitenje cha azakhali m'chiuno, thalauza lili padzuwa. Anapempherera mwendo wanga, madokotala, ndi onse ogwira ntchito za manja kuti Ambuye awapatse nzeru.

Alendo atapita tinaunika phazi monga anatiuzira. Zala zinali zofunda, zosasintha mtundu, zikugwedera, ukatsina chikhadabo magazi n'kubwerera msanga, ndipo chikhakha sichinasweke. Zikanakhala zozizira, zadzanzi kapena zakuda, kapena ululu ukukulirakulira, ikanakhala nkhani yothamangira kuchipatala usiku womwewo. Chimodzimodzi katumba akayamba kuwawa ndi kutupa kapena mpweya ukayamba kubanika, chifukwa mwendo wongokhala umaundanitsa magazi. Ndinaimbabe foni kuchipatala kunena kuti ndagwa. Namwino anafunsa kuti ndagwa bwanji, ndipo nditafika pa ndowa anapempha kuti ndidikire kaye aitane mnzake adzamve nawo.

Lolemba ine ndikulowa mu fiyeta, wowotcherera anali akudula miyendo ya mpando masentimita 13, kuchepetsa m'lifupi ndi kusintha thabwa. Anabwera ndi tepi yake, ndipo anaisiya pakhomo ponena kuti ndi mphatso kwa anthu akum'mawa. Chitini cha polishi mayi a kunyumba anakachisungitsa kwa mnansi. Azakhali mpaka lero amati pansi panalibe vuto, vuto linali liwiro langa.

Akulu a mpingo anabweranso patatha masabata awiri, tsiku limene ndinachotsedwa ulusi. Azakhali anawalozera sofa. Iwo anathokoza, anaika Baibulo m'khwapa, anawerama n'kuisindikiza ndi manja onse awiri, pakati ndi m'mbali momwe, kenako anapempha sitowo.