Thanga pamwamba pa nyanja ya ayezi

Anthu aku Finland kuzizira sakuopa ayi. Januwale kapena Febuluwale nyanja ngati Saimaa ikauma gwaa, m'malo mobisala m'nyumba iwo amatulutsa mathanga awo a windsurfing, masewera oima pa bolodi ya thanga n'kumakankhidwa ndi mphepo pamadzi, kukaseweretsa pa ayezi pompo.

Thangalo ndi lomwe lija la pamadzi, chimasintha ndi bolodi. Pansi pake amamangapo timipeni tachitsulo ngati ayezi ali see, kukagwa sinowo amaikapo ma ski, timatabwa titalititali totsetsereka pa sinowo. Ndiye poti palibe mafunde okubweza komanso chitsulo pa ayezi chimangotsetsereka, kamphepo kochepa kokha munthu wapita kale, mpaka amatha kuthamanga kuposa mphepo imene ikumukankhayo, ine zimenezi zimandizunguzabe mutu mpaka pano. Mpikisano wa dziko lonse lapansi uliponso, amakonza ndi a WISSA, bungwe loona za masewera a mathanga pa ayezi ndi sinowo, unayamba mu 1980.

Koma kugwa kwake abale. Pamadzi ukagwa umangonyowa basi, apa ndi ngati wadzigwetsa pa simenti uli pa liwiro, nchifukwa chake helimeti, zoteteza maondo ndi zigongono sizosiya, nsapatonso zimakhala za timisomali kunsi.

Chimene ndimawapatsa nacho ulemu ndi choti sakwera chisawawa. Amayamba aboola kuyeza, ayezi osafika masentimita 10 sapondapo, ndipo polowera mtsinje amapalambalala chifukwa madzi oyenda pansi amamudya ayeziyo. Pakhosi amakolekapo tizitsulo tiwiri tosongoka, ayezi akabooka iwe n'kugweramo umabaya nato ayezi n'kudzikoka chokwawa kubwerera komwe unachokera, poti kumeneko ndi komwe kunakunyamula.

Ineyo zokwerazo pepani, kuonerera kundikwanira.