Kamera yanga itasiya kuoneka pa kompyuta nditapanga upgrade ya Linux

Ndikabaya chingwe cha kamera pa kompyuta, palibe chomwe chinkachitika. Kale kamerayo inkangotulukira yokha kumanzere kwa windo la mafayilo, pansi pa mayina a ma disk, ine n'kudina, n'kukoka zithunzi. Tsopano kamera ikuyaka bwinobwino, kasikirini kake kakuonetsa kuti yalumikizidwa, koma kompyuta ili zii.

Kompyuta yanga ndi ya patebulo, yopanda batire, ndipo ili ndi Linux wa banja la Debian wokhala ndi GNOME, pulogalamu yomwe imaonetsa mawindo ndi ma menu pa sikirini. Ndinali nditangoipanga upgrade yaikulu, ija yochoka pa mtundu wakale kupita pa watsopano, ndipo ili mkati magetsi anathima. Atayaka ndinamalizitsa ntchitoyo ndi `sudo dpkg --configure -a` kenako `sudo apt -f install`, kompyuta n'kudzuka ngati palibe chachitika. Intaneti inkagwira, printer inkagwira. Za kamera ndinazizindikira nditabwera ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, khadi itadzaza zithunzi, achibale akundifunsa pa WhatsApp kuti zithunzi zija zili kuti.

Ngati zakuchitikirani, musanagwire china chilichonse, ganizani za zithunzizo. Musafomate khadi, ngakhale kamera kapena kompyuta itakufunsani mokoma bwanji. Ngati muli ndi card reader, kapena laputopu yokhala ndi kabowo ka SD, zulani khadi m'kamera, tsitsani kaloko kali m'mbali mwake, koperani foda yonse ya DCIM, ndiye muzilimbana ndi vutolo mtima uli m'malo. Ine card reader ndinalibe pakhomo tsiku limenelo, choncho njira inali yomweyo ya chingwe.

Ndinayambira pansi penipeni, pofunsa ngati kompyuta ikumva n'komwe kuti pabayidwa kanthu. Ndinatsegula terminal, windo lolembamo malamulo, n'kulemba `sudo dmesg -w`, n'kuisiya ikuyenda. Lamuloli limaonetsa zomwe kernel, mtima wa Linux womwe umalankhula ndi zipangizo, ikunena nthawi yomweyo. Nditabaya kamera n'kuiyatsa, panatuluka mizere yatsopano: `new high-speed USB device`, kenako dzina la kampani yopanga kamerayo ndi mtundu wake. Pamenepo ndinadziwa kuti chingwe, kabowo ka USB ndi kamera zonse n'zamoyo.

Kwa inu mwina sipatuluka kanthu. Zikatero musalowe msanga m'mapulogalamu, vuto lili pa zinthu zogwirika ndi manja. Chingwe cha USB 2.0 chimakhala ndi mawaya anayi mkati, awiri a moto ndi awiri a data, koma zingwe zina zotchipa zotchajira zimangokhala ndi a moto okha. Zimaoneka chimodzimodzi ndi zenizeni, ndipo m'dirowa momwe zingwe zimapiringizana n'kosavuta kutola cholakwika. Mukaona mzere wonga `device descriptor read/64, error -71`, kawirikawiri ndi chingwe chotha kapena kabowo kofooka. Sinthani chingwe, chokani pa hub (kabokosi kochulukitsa mabowo a USB), bayani kumbuyo kwa kompyuta m'malo mwa kutsogolo. Onaninso batire, poti makamera ambiri amazima okha akakhala osagwiridwa, ndipo mutha kumafufuza kamera yomwe yagona kalekale.

Kenako ndinalemba `lsusb`, lamulo loonetsa zipangizo zonse za USB zomwe zabayidwa. Kamera inali pamndandanda, ndi nambala ya bus, nambala ya device, komanso ID yake ya magawo awiri, loyamba la kampani, lachiwiri la mtundu wa kamera. Ndinawonjezera `lsusb -t`, ndipo pa mzere wa kamera panalembedwa `Class=Imaging`. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikanakonda aliyense wogula kamera akanamauzidwa zimenezi.

Kamera imatha kudzionetsa kwa kompyuta m'njira ziwiri. Yoyamba ndi Mass Storage, momwe imakhala ngati fulashi wamba: kompyuta imatenga khadi yonse m'manja mwake n'kumawerenga yokha. Yachiwiri ndi PTP, yomwe ndi muyezo wa ISO 15740, ndipo MTP, njira yomwe mafoni a Android amatumizira mafayilo pa chingwe, inamera pa iyo. Pa PTP kompyuta siigwira khadi. Imapempha, kamera n'kumapereka. Zili ngati pagolosale ya pawindo: simulowa kukadzitengera sopo pashelefu, mumanena chomwe mukufuna, wogulitsa n'kukupatsirani, ndipo amathandiza munthu mmodzi pa nthawi. Makamera ambiri a masiku ano amayenda m'njira imeneyi, ena alibenso ya fulashi ija. Ndiye chifukwa chake kamera yotere simungaipeze ndi `lsblk`, lamulo loonetsa ma disk, ndipo simungaipange mount, kutanthauza kuilumikiza kuti itseguke ngati disk. Anthu amataya nthawi yambiri akufunafuna `/dev/sdb` yomwe kulibe ndipo siidzakhalapo.

Ngati mu menu ya kamera yanu muli posankha mtundu wa USB, yesani Mass Storage, mwina mungathere pomwepo. Yanga ilibe. Makamera ena amatsekanso USB pamene Wi-Fi yawo yayatsidwa, choncho muizimitse.

Pa Linux, amene amadziwa kulankhula ndi makamera a PTP ndi laibulale yotchedwa libgphoto2. Mapulogalamu a zithunzi monga Shotwell, gThumb, digiKam, darktable, onsewa amadutsira pa iyo. Ili ndi kapulogalamu kake ka mu terminal, ndipo kameneka ndi komwe ndimakhulupirira kwambiri pofufuza, chifukwa kamanena vuto poyera pamene mapulogalamu a mawindo amangokhala chete. Ndinakaika ndi `sudo apt install gphoto2`, n'kakang'ono, sikadya bandulo, kenako ndinalemba `gphoto2 --auto-detect`. Dzina la kamera linatuluka, pambali pake doko lake, `usb:` ndi manambala aja a bus ndi device. Koma lamuloli limangoyang'ana mndandanda, silitsimikizira kuti kukambirana kukutheka. Mayeso enieni ndi `gphoto2 --summary`, lomwe limafunsa kamerayo kuti ndiwe ndani, uli ndi khadi yanji, mwatsala malo ochuluka bwanji. Kamera inayankha zonse.

Sindinadikire. Ndinapanga foda yatsopano, n'kulowamo ndi `cd`, n'kulemba `gphoto2 --get-all-files`. Mafayilo anayamba kutsika limodzilimodzi, JPEG ndi RAW zomwe, m'foda yomwe ndinalimo. Ikakufunsani ngati ilembe pamwamba pa fayilo ya dzina lomwelo, kanani n'kuipatsa dzina lina, chifukwa mafoda awiri a m'khadi amatha kukhala ndi zithunzi zosiyana za dzina limodzi. Zikadukira panjira, bwerezani lamulolo mutawonjezera `--skip-existing` kuti isayambirenso pachiyambi. Usiku womwewo zithunzi za anamalume ndi ankhoswe zinafika kwa eni ake.

Pali mphambano ina yomwe ine ndinangoidutsa koma ambiri amakodwapo pambuyo pa upgrade, ya chilolezo. Ngati `gphoto2 --summary` ikukana koma `sudo gphoto2 --summary` ikutheka, ndiye kuti kamera ili bwino, kungoti dzina lanu lilibe ufulu woigwira. Chipangizo chilichonse cha USB chimakhala ndi kafayilo kake mu `/dev/bus/usb/`, m'foda ya nambala ya bus, dzina lake nambala ya device. Lembani `ls -l` pa kafayiloko. Kumapeto kwa zilembo za chilolezo kukakhala chizindikiro cha `+`, ndiye kuti pali ufulu wowonjezera, ndipo `getfacl` ikuonetsani ngati dzina lanu lili pamenepo ndi `rw`. Ufuluwo amapereka ndi udev pamodzi ndi systemd, zigawo za Linux zoyang'anira zipangizo ndi olowa pa kompyuta, kwa munthu amene wakhala pa kompyutayo. Ukasowa, kuikanso phukusi la libgphoto2 kumabwezeretsa malamulo ake a udev. Ena amalangiza `chmod 666` pa kafayiloko, koma ndi ntchito yongodzitopetsa, poti mukazula n'kubayanso, nambala ya device imasintha, kafayilo n'kubadwa katsopano. Sindingakulimbikitseninso kumatsitsa zithunzi ndi `sudo` masiku onse, chifukwa mafayilowo amakhala a root, akaunti yaikulu yoyang'anira kompyuta, ndipo mawa mudzalephera kuwasintha.

Tsono kwa ine chingwe chinali bwino, kernel inkaiona, chilolezo chinalipo, libgphoto2 inkalankhula nayo. Chotsala chinali chapamwamba, chomwe chimabweretsa kamera mu windo la mafayilo. Pa GNOME, komanso pa Xfce, Cinnamon ndi MATE, ntchito imeneyo ndi ya pulogalamu yotchedwa GVfs. Pa KDE njira yake ndi ina. M'banja la Debian gawo la GVfs lodziwa makamera lili m'phukusi la `gvfs-backends`, pamene pa Fedora lili palokha ndi dzina la `gvfs-gphoto2`. Ndinalemba `dpkg -l gvfs-backends`. Phukusi lomwe laikidwa bwino limayamba ndi `ii` pamzere wake, koma langali silinatero. Ndinatsegula `/var/log/apt/history.log`, n'kupita pa tsiku la magetsi lija, ndipo pa mzere wa `Remove` dzina lake linalipo. Pamene apt, pulogalamu yoika ndi kuchotsa maphukusi, inkalumikiza zomwe zinaduka, inachotsa phukusili kuti ena onse agwirizane, ndipo kompyuta imayenda bwino popanda ilo mpaka tsiku lomwe mwabaya kamera kapena foni. Ndinayesa foni, nayonso sinatulukire. Zinagwirizana, poti gawo la MTP lili m'phukusi lomwelo.

Ndinalemba `sudo apt install gvfs-backends`, kenako `sudo dpkg --audit` kuti ndione ngati pali phukusi lina lomwe linatsala theka. Silinanene kanthu, kusonyeza kuti palibe. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, n'kubaya kamera, ndipo inatulukira pamalo pake pakale.

Ndinabwerera mu terminal kuti nditsimikize, n'kulembanso `gphoto2 --summary`, lamulo lomwe lija linayenda bwino poyamba. Ulendo uno linakana, ndi uthenga wakuti `Could not claim the USB device` ndi nambala -53. Munthu ungaganize kuti wakonza kuno n'kuwononga uko, koma palibe chinawonongeka. PTP imalola pulogalamu imodzi pa nthawi. Poyamba paja gphoto2 inkalowa mosavuta chifukwa panalibe wina wogwira kamera. Tsopano GVfs yabwerera, imathamangira kamera ikangobayidwa n'kuigwira, ndipo aliyense wobwera pambuyo amauzidwa kuti chipangizo chatanganidwa. Uthengawo ukawerengedwa wonse umatchula ndithu `gvfs-gphoto2-volume-monitor` ngati woyenera kumukayikira, kungoti ambirife timawerenga mzere woyamba basi.

Kumasula kwake n'kosavuta. Mu windo la mafayilo dinani kachizindikiro ka unmount pambali pa dzina la kamera, chingwe musazule. Kapena mu terminal lembani `gio mount -s gphoto2`, lomwe limamasula makamera onse omwe GVfs yagwira. Nditatero, `--summary` inayankhanso. Shotwell ikapeza kamera itagwidwa imakufunsani yokha ngati iimasule, ndipo muzivomera. Mapulogalamu ena safunsa, amangoonetsa kuti palibe kamera, kapena kuti yatsekedwa ndi wina. Ndipo wogwirayo si GVfs yokha nthawi zonse: mukasiya darktable kapena digiKam ili yotsegula pa windo lina, imeneyonso imatha kukhala ndiyo yatsekereza.

Palinso china choyenera kuchiyang'ana ngati zonsezi zili bwino koma pulogalamu imodzi yokha ndiyo ikukana. Masiku ano mapulogalamu ena amabwera ngati Snap kapena Flatpak, ndipo amakhala otchingidwa kuti asamagwire zipangizo popanda chilolezo. Ngati pa upgrade pulogalamu yanu ya zithunzi yasamukira kumeneko, `snap list` kapena `flatpak list` ikuuzani, ndipo chilolezo cha USB mukachipereka padera, kapena mubwerere ku phukusi wamba la apt.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangogula card reader n'kuiwala zonsezi. Ndinagula, ndipo potsitsa zithunzi zambiri imathamanga kuposa chingwe cha kamera yanga. Ma kernel a kuyambira 5.7, wa mu 2020, amawerenga bwino exFAT, yomwe ndi njira yosungira mafayilo ya makhadi a SDXC opitirira 32 GB, choncho kumeneko kulibe chovuta. Koma chingwe sindingachitaye. Ndikamajambula katundu wa anthu ogulitsa pa intaneti ndimalumikiza kamera ku kompyuta kuti chithunzi chilichonse chizionekera pa sikirini yaikulu nthawi yomweyo, ndi `gphoto2 --capture-image-and-download` kapena kudzera mu darktable, ndipo zimenezo card reader singachite. Makamera ang'onoang'ono ena amasunganso zithunzi m'kati mwawo, momwe mulibe khadi yoti muzule.

Kwa amene amagwira ntchito yotereyi tsiku ndi tsiku, ndipo kumasula kamera nthawi iliyonse kwawatopetsa, pali njira yoletseratu GVfs kuthamangira makamera: `systemctl --user mask gvfs-gphoto2-volume-monitor.service`, kenako kutuluka mu akaunti yanu n'kulowanso. Mtengo wake ndi wakuti kamera siidzaonekanso mu windo la mafayilo kufikira mutabweza ndi `unmask`. Ine sindinatero, chifukwa kompyutayi timagwiritsa ntchito tonse pakhomo pano, ndipo ana akabaya kamera amafuna kuiona pomwe anazolowera. Ndinangoika `gio mount -s gphoto2` pa mzere woyamba wa kafayilo ka malamulo komwe ndimayambitsira ntchito yojambula.