Momwe ndinalumikizira rauta yanga pa Wi-Fi ya kuloji ku Senga Bay

Tinafika ku Senga Bay Lachisanu madzulo, ine, mayi akunyumba ndi ana awiri. Pa risepushoni anatipatsa kapepala kolembedwa kodi ya Wi-Fi, n'kutiuza kuti kodi imodzi imalola chipangizo chimodzi chokha. Ife tinali ndi mafoni atatu ndi laputopu, ndipo ndinkayenera kutumiza lipoti kuntchito lisanafike Lolemba. M'chikwama munali karauta kanga ka GL.iNet, kokwana m'chikhatho, kachipangizo kamene kamalandira intaneti n'kuigawira mafoni ndi makompyuta.

Ndisanakayatse ndinakaonana ndi a manijala. "Bwana, ndili ndi karauta kanga, kodi mungalole ndikalumikize pa intaneti yanu?" Anavomera, nati bola tisachezere kudawuniloda mafilimu. Ndikukupemphani, musadumphe kufunsaku. Intanetiyo amailipira ndi iwo, ndipo alendo anzanu akudalira yomweyo.

Kuchipinda ndinakalumikiza ku power bank, n'kukaika pazenera loyang'ana kubala, kumene kunali kabokosi ka Wi-Fi ya lojiyo. Foni ndinailowetsa pa netiweki ya karautako (dzina ndi pasiwedi zalembedwa kunsi kwake), ndinatsegula Chrome n'kulemba 192.168.8.1, adiresi ya tsamba loyendetsera karautako. Pagawo la Repeater, lolumikizira karauta ku Wi-Fi ina, ndinadina Scan kuti kafufuze manetiweki apafupi. Dzina la loji linaoneka kawiri, ndipo ndinasankha la 2.4 GHz chifukwa limafika patali ndi kudutsa makoma bwino kuposa la 5 GHz.

Karauta kanati kalumikizika, koma intaneti zii. Tsamba lolembapo kodi lija silinkabwera. Apa m'pamene ndinatulukira thukuta. Vuto linali kachitetezo ka m'karautamo kotchedwa DNS Rebinding Attack Protection, kamene kamatha kutsekereza masamba otere. Nditakazimitsa, n'kuzimitsanso VPN (pulogalamu yobisa zomwe ukuchita pa intaneti), ndinalemba neverssl.com, tsamba la http wamba, ndipo la loji lija linatulukira pompo.

Ndinalemba kodi, inakana. Ndinali nditailowetsa kale pafoni tidakali pa risepushoni. Makina a pamalo otere amazindikira chipangizo ndi nambala yake ya MAC address, choncho kodiyo inali itamangika kufoni yanga. Ndinafunika kubwereka karauta nambala ya foniyo, zomwe amati MAC clone. Chenjerani pamenepa: kuyambira pa Android 10, foni imadzipangira nambala yosiyana pa netiweki iliyonse. Musakope ya pa About phone. Lowani pomwe pali dzina la Wi-Fi ya loji, mukope imene ikuoneka pamenepo. Nditailemba mu rauta, ndinadina Forget pafoni kuti zipangizo ziwiri zisalimbirane nambala imodzi. Karauta katayakanso, mauthenga a WhatsApp anayamba kugwa m'mafoni onse atatu.

Musayembekeze kuti liwiro liwonjezeka. Limene likanapita kufoni imodzi ndi lomwelo mukugawana nonse, n'chifukwa chake ana ndinawaletsa YouTube mpaka lipoti litapita. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti laputopu yakuntchito inali kuseri kwa pasiwedi yanga, osati pabwalo limodzi ndi mafoni a alendo onse.

Loweruka usiku kodi inatha nthawi yake, tsamba lija linabweranso. Mwana wamkulu anathamanga kukatenga kapepala kena, ndinalemba kodi yatsopanoyo palaputopu, ndipo lipoti linapita Lamulungu m'mawa asodzi akukokera mabwato awo kumtunda.